Kathumba Kopanda Kanthu

Chaka chimene nsonga za tiyi wathu zinayamba kuda, ine wolakwa ndinali nditampeza kale. Kamunda kathu ka ku Khwethemule kanachita malire ndi ka alamu anga, akazi a achimwene awo a amuna anga. Tiyi wawo anali biriwiri, wathu mawanga okhaokha, ndipo ku shedi yogulitsira tiyi ankangotibwezera masamba. Nanga munthu uganiza chiyani? Pakamwa panga sipachedwa. Ndinalankhula pa mjigo kuti alamuwo atithirira mankhwala a kaduka, ndipo Lamulungu ndimafuna kuitana ankhoswe kuti ubale uthere pomwepo.

Lachitatu kunabwera achemwali anga, amene ntchito yawo ku esiteti ndi yoyendera minda kufufuza tizilombo. Anandimvetsera mpaka ndinatopa ndekha.

"Wamaliza? Ndipatse neti yakale ndi singano," anatero.

Anasoka timatumba tinayi. M'mundamo anasankha nsonga zinayi zopanda banga, kuzitembenuza tsamba ndi tsamba, kenako n'kuyamba kusaka. Anali chiweramire pa chitsamba chimodzi ngati akusankha mpunga. M'kathumba koyamba anaikamo chiwala, kachiwiri mbozi, kachitatu kachilombo kofiirira ka miyendo yaitali konga udzudzu. Kalikonse anakaveka pa nsonga yakeyake n'kumanga ndi luzi. Kachinayi anamanga kopanda kanthu.

Ndinawaseka. "Akonso mwatsekeramo mphepo, achemwali?"

"Ako n'ka alamu ako. Neti imatchinga kachilombo, siitchinga mankhwala. Ngati ndi iwo, nsonga iyi idanso."

Mpaka lero ndimawagomera achemwali anga aja. Sanandinene kuti ndine wabodza, sanandilalikire za chikondi. Anangosiya tiyi kuti ayankhe yekha.

Loweruka m'mawa tinamasula. Chiwala chinali chitadya m'mphepete mwa tsamba, mbozi itaboola pakati, koma osadetsa. Nsonga ya kachilombo kofiirira kaja inali mawanga akuda, yopiringizika, chimodzimodzi munda wonse. Achemwali anati kamabaya n'kuyamwa madzi a tsamba, ndipo kamakonda mthunzi, ngati wa thengo la kumtsinje limene linagundana ndi munda wathu wokha.

Kathumba kachinayi ndinamasula ndekha. Kunena zoona, ndinkafuna ndipeze banga ngakhale limodzi. Masamba awiri ndi kansonga kake, zonse zobiriwira.

Manyazi anandigwira. Ndinatenga kathumba kachitatu n'kupita kwa alamu. Ndinawapeza akuyanika chinangwa, ndipo nkhani ya pa mjigo inali itawafika kale. Ndinagwada n'kuwapatsa kathumbako.

Anakayang'anitsitsa kachilombo kaja nthawi yaitali.

"Ndiye ine ameneyu, alamu?" anafunsa motsitsa mawu.

Anandiyalira mphasa, koma tsiku limenelo sanakhale nane pamphasapo.