Nandolo wa Lufina ndi Mbuzi za a Nicholas

Inu amene mwakhala pansi manja ali m'khosi, imvani za Lufina wa kufupi ndi Manjawira, ku Ntcheu. Mutchere makutu onse awiri, chifukwa chakudza sichiyimba ng'oma.

Chaka cha 2017, Lufina anabwerako kumsika atasenza thumba la nandolo lomwe lija anapita nalo. Mavenda anali atapachika masikelo. Ati dziko la India, kumene nandolo wathu amapita pa sitima zapamadzi, latseka khomo. Lufina sankadziwa kuti India ali mbali iti. Chimene ankadziwa n'chakuti mwamuna wake anamwalira, ana alipo atatu, munda ndi umodzi.

Mundawo unali m'manja mwa malume ake, a Bizwell, eni mbumba.

"Iwe Lufina, zula zitsamba zakozo usonkhere moto," anatero a Bizwell. "Anzako onse azula."

"Malume, mbewu iyi anandisiyira ndi amayi."

"Ndiye ana adye dzina la amako? Tamvera. Chaka chimene nandoloyo adzakukanike, munda ndidzaupereka kwa Nicholas alimemo thonje."

A Nicholas anali msuweni wa Lufina, mwini mbuzi zambiri m'mudzimo.

Apa mumvetse, ana inu. Nandolo sathamanga. Chimanga chimachoka m'munda iye akadali maluwa. Kale, pamene aliyense ankamulima, mbuzi zinkakhala pachingwe mpaka nandolo atalowa m'nyumba. Koma anthu atazula, anangoti pokolola chimanga n'kumasula mbuzi zonse. M'dera lonselo munda wobiriwira unatsala umodzi, ndipo mbuzi ili ndi maso.

Lufina anatchinga munda ndi minga mpaka zikhatho zinang'ambika. Ankasungunula ndowe za mbuzi m'chidebe n'kumawaza pamasamba, poti mbuzi sidya ponunkha zake zomwe. Kukacha, iye ali kale kumunda, mwera ukumukwapula, ndodo ili m'manja.

A Nicholas akamadutsa ankakuwa: "Alonda a Amwenye, mwadzuka bwanji? Bwana wanu walemba kalata?"

Lufina ankangoyankha, "Ndadzuka, achimwene, kaya inu."

Chaka chachiwiri m'mudzi munagwa maliro. Maliro sathawa, ukathawa udzadziika wekha. Lufina anakakhala kusiwa ndi amayi anzake masiku awiri. Pobwera anapeza mpanda uli pululu, nthambi zili mbee, mapazi a mbuzi paliponse. Tsiku limodzi lokha likhoza kudya thukuta la chaka, musamaiwale zimenezo.

A Bizwell anafika n'kuima pamalire.

"Basitu, wakukanika."

Lufina anagwada, misozi ili mbwembwembwe, koma analoza kuchulu kumene minga inali yothithikana.

"Malume, taonani uko. Mizere isanu yatsala. Munati akadzandikanika. Sanandikanike."

A Bizwell anayang'ana nthawi yaitali, n'kupukusa mutu. "Liuma ili ndi la amako," anatero, n'kumapita.

Za mizere isanuyo Lufina sanaphikeko ngakhale chikho chimodzi. Anasakaniza mbewuyo ndi phulusa kuti anankafumbwe asalowe, n'kuitsekera mumtsuko, n'kumata pakamwa ndi dothi. Ana ankalira chifukwa cha nkhwani wopanda nsinjiro, iye n'kumalima maganyu, mtsuko osautsegula. Mvula itagwa anabzalanso. Chaka chinacho anabzalanso. Nandolo wochuluka ankadya ndi ana, wina n'kumagulitsa pambale kwa ofuna ndiwo.

Ndiye mu 2021 wailesi inalengeza kuti akuluakulu a Malawi ndi a India asainirana pangano: kwa zaka zisanu nandolo wa kuno azilowa kumeneko. Anthu amene sanapondepo pa Manjawira anagwirana chanza kutali, masikelo n'kubwerera pamsika. Chaka chimenecho wokhala ndi matumba m'mudzimo anali Lufina yekha.

Dzinja litayandikira, anthu anafufuza m'nyumba zawo. Mbewu yakale ena anadya, ya ena inafumbwa. Anayamba kufika pakhomo pa Lufina mmodzimmodzi, timabeseni tili kumbuyo. Womaliza anali a Nicholas, chipewa chili m'manja.

"Achemwali, zakale zisatigawanitse. Tigaireniko kambewu."

"Kalata ija yafika, achimwene?"

A Nicholas anaweramitsa mutu.

"Mbewu ndikupatsani," anatero Lufina. "Koma muyambe mwandionetsa chingwe."

Madzulo ake a Nicholas anabweranso atakoleka zingwe zatsopano paphewa. A Bizwell anali pomwepo, ndipo anayankhula anthu onse akumva: "Munda uja ndi wa Lufina ndi ana ake. Wina asadzaulozenso chala."

Chaka chotsatira, chimanga chitachoka, mbuzi zonse za m'mudzimo zinali pachingwe. Lufina anapita kutchalitchi Lamulungu mtima uli m'malo, kumunda kulibe munthu.

Komabe musatengeke, ana inu. Khomo limene linatsekedwapo likhoza kutsekedwanso, ndipo olitseka sadzabwera kudzakufunsani. N'chifukwa chake Lufina sanasiye chimanga, ndipo mtsuko uja ngomatabe mpaka lero.

Inu amene mbuzi zakudyerani, pukutani misozi muyang'ane kuchulu. Mwina mizere isanu yatsala. Musazule chifukwa anzanu azula. Osataya mtima, ndipo osadya mbewu.