Uthenga wa Achimwene Unabwerabe

Foni ndiyo inandidzutsa kusanache, nditagona pamphasa pakati pa azimayi amene anachezera pasiwa. Analira mafoni atatu nthawi imodzi: yanga, ya amayi ndi ya alamu anga. Uthenga unali womwe uja wamasiku onse: "Tulukani panja, yang'anani cha ku Ndirande, ikudutsa pakatha mphindi zisanu." Dzina la wotumiza linali la achimwene, amene anali m'bokosi pabalaza.

Achimwene ankakonza makompyuta ku Limbe. Akaweruka ankadzitsekera kuchipinda n'kumapanga pulogalamu yawoyawo: dzuwa pakati, mapulaneti akulizungulira, ndi timadontho ta masetilaiti timene timadutsa kumwamba kwathu kuno. Anailumikiza ndi foni kuti izitiitana yokha setilaiti yowala ikayandikira. Ine ndinkawaseka kuti ndi misala ya anthu okhuta. Amayi okha ndi amene ankatuluka nawo panja.

Uthengawo utafika, alamu anga anakuwa, nyimbo zamaliro n'kudukira pakati. Pofika m'mawa nkhani inali itafika kale kumoto kumene azimayi ankaphika: akuti malemu akuitana anthu awo. Ena ofika kumene ankakana kulowa m'nyumba. Amalume, amene anabwera dzulo lake kuchokera ku Nsanje, anandikokera kuseri.

"Chinthu chija chizimidwe thupi lisanatuluke. Munthu sangapite kumanda akuitanabe abale ake."

Ndinawafotokozera kuti ndi makina chabe. Anangofunsa kuti nanga dzina likubweralo ndi la ndani. Ndinangolowa m'nyumba.

Kuchipinda ndinapeza kompyuta ikuyaka, yolumikizidwa ku batire yagalimoto chifukwa cha magetsi athuwa. Mapulaneti ankayendabe pang'onopang'ono. Ndinkadziwa kuti ndikaizima basi, siidzatsegukanso, poti pasiwedi ankaidziwa okha. Mtima unandikana. Ndinaiphimba ndi chitenje, n'kukauza amalume kuti ndazima. Inde, ndinanama pamaliro a mchimwene wanga.

Tinanyamuka masana chiperoni chikuwaza. Lole inalephera kutsika kanjira kathu ka ku Mbayani, ndiye bokosi analinyamula pamapewa mpaka kumsewu, matope thapsa m'miyendo. Ogulitsa malonda anaimirira, azibambo n'kuvula zipewa. Kumanda sindinamve ulaliki ngakhale pang'ono. Ndinangofinya foni m'manja, ndikuopa kuti ilira dothi likugwera pabokosi, komanso ndikufuna kuti ilire. Siinalire.

Madzulo anthu anabalalika, mabenchi anabwerera kutchalitchi, panja panatsala phulusa ndi njerwa zakuda. Tinakhala pabalaza anthu anayi. Mdima utangoyamba mafoni atatu aja analiranso. Amalume anandiyang'ana, ine maso pansi.

Amayi anadzuka n'kutuluka opanda nsapato. Tinawatsatira. Mitambo inali itang'ambika cha kuphiri. Kanthu kowala kanatulukira pomwepo, kosathwanima, kopanda phokoso, kakuyenda mosafulumira mpaka kanazimirira pamwamba pa denga la aneba.

"Sananamepo mwana wanga," anatero amayi. Anaimabe kanthawi, kenako anandigwira dzanja. "Tsopano kazime, mwanangu. Akamandiitana chonchi ndizituluka tsiku lililonse, ndipo sindidzamupeza."

Ndinalowa ndekha, ndinachotsa chitenje chija, ndinazula waya. Kafani ka m'kompyuta kanaima. Zaka zonsezi sindinkadziwa kuti kankamveka nyumba yonse.