Chingwe pa Chigwiriro cha Chikwanje

Ndinachiona ndikusesa kuseri kwa chitseko. Chikwanje cha amuna anga, bambo a Tadala, chomwe chija timadulira mapesi, chinali chitabooledwa pachigwiriro, pabowopo atamangapo chingwe chokoloweka pamkono. Tsache linandipulumuka. M'mphuno mwanga munangobwera fungo la makala ndi chitsulo chamoto, fungo la agogo Namakhwa.

Sanali agogo anga enieni. Anali neba wathu pa esiteti ya fodya ku Mkanda, kumene makolo anga anali matenanti. Iwo anachokera ku Mulanje kalekale, msana utawakana ntchito ya m'munda anayamba kusula. Ankakhala kuseri kwa chigafa, utsi uli tolotolo, nyundo ikulira ngwe ngwe kuyambira m'mawa, ife ana titazungulira kulimbirana kupopa mvukuto, maso akuyabwa, iwo akutikalipira uku akutiwotchera chimanga pamakala omwewo. Makasu, nkhwangwa, zikwakwa, zonse za pa esitetipo zinkadutsa m'manja mwawo. Sankabweza munthu, ngakhale wobwera chimanjamanja.

Koma tsiku lina anabweza. Kunabwera bambo wina wa m'matenanti momwemo, wofatsa, woyimba kwaya, atanyamula chikwanje.

“Madala, mundinolere kuseri komwe, nsongayi isongoke. Ndiye mundiboolere apa, ndimangepo chingwe.”

Agogo anachitembenuza, nachiyang'ana nthawi yaitali.

“Chingwe cha chiyani, mwanawe?”

“Chimandipulumuka ndikamadula mitengo.”

“Chikapulumuka umatola. Mtengo unayamba wakulandapo chikwanje iwe? Amene akufuna kukulanda ali ndi manja. Ndani?”

Bambo uja anaseka, koma kuseka kwake sikunafike m'maso. Agogo sanamubwezere chikwanjecho. Anachikhalira, inde, kuchiyika pansi pa chikumba n'kukhalapo, n'kumuuza kuti akhale pansi adye chimanga. Anakamba mpaka dzuwa kupendeka, ife atatithamangitsa. Ndinangoona patali bamboyo akupukuta misozi ndi chipewa. Nkhani yake sindinaidziwe mpaka lero, koma pa esitetipo sipanagwe maliro.

Mawa lake ndinawafunsa kuti bwanji anakana. Anati, “Chitsulo n'chimodzi, Nabanda. Cha kumunda chimanoledwa mbali imodzi, chimawala, amachisiya poyera. Ukadzaona chanoledwa konsekonse, achidetsa ndi mwaye kuti chisang'anime, achimangira chingwe, chimenecho chasiya ulimi.”

Ndiye tsiku limenelo kuseri kwa chitseko ndinagwada n'kuchiyang'anitsitsa. Konsekonse chinali chakuthwa. Chakuda bii.

Amuna anga si munthu woipa, ayi. Koma chimwalirireni apongozi akhala akukangana ndi akulu awo za dimba la kudambo, ndipo sabata imeneyo akuluwo anali atazula tomato wathu yense, wothirira ndi keni miyezi yonseyi. Bambo a Tadala anangosiya kudya. Nyumba zathu n'zoyang'anana, ana athu ndi awo amasewera bwalo limodzi. Ndipo ine ndikudziwa zimene zimachitika magazi akagwa pamudzi: anthu safunsa kuti m'nyumbamo muli ndani, amangoyatsa denga.

Ine mawu a agogo Namakhwa ndilibe. Sindikanatha kumukhazika mwamuna pansi mpaka alire. Amuna anga anali atapita kumsika, ndinadziwa kuti dzuwa likafika pamutu abwera.

Chikwanje chija ndinachikulunga m'chitenje, ndinapita kuchimbudzi, ndinachiponya m'dzenje. Ndinamva chikugwa. Nkhwangwa yathu nayo ndinakaisiya kwa abusa, n'kuwauza zonse, kuti apite akawapeze anthu awiriwo lero lomwe, asadikire Lamulungu. Kenako ndinabereka wamng'ono, Tadala ndinamugwira dzanja, osatenga ngakhale ndiwo zimene zinali pamoto.

“Amayi, tikupita kuti?”

“Kwa agogo ako, kwathu kwa Zulu. Yenda msanga.”

“Nanga ababa?”

“Adzatipeza. Akadzabwera manja ali lende, tidzawatsegulira.”