Mapira Ofiira a Amayi

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri chaka chimene ndinazula mapira a amayi. Tinkakhala m'dera la Malemia, ine, amayi ndi mlongo wanga wamng'ono, bambo atamwalira kale. Munda wathu unali pamtsetse, moyang'anana ndi phiri la Malosa, ndipo mlendo akauona ankayesa thengo. Pamzere umodzi pankamera chimanga, nandolo ndi khobwe, maungu akuyanga paliponse. Kumtunda, kumene dothi linali la miyalamiyala, amayi ankabzalako mapira ofiira. Mbewu yake inabwera ndi agogo awo kuchokera ku Mozambiki atayimanga pansonga ya nsalu, ndipo m'mudzi monse inatsala kwathu kokha. Thobwa lake linkatsekemera lokha popanda shuga.

Chaka chimenecho kunamveka za makuponi ogulira feteleza wotsika mtengo. Kunabwera alangizi a zaulimi, bambo aulemu oyenda panjinga yamoto, atanyamula chingwe cha mfundomfundo. Anasonkhanitsa anthu pabwalo la sukulu n'kuphunzitsa kuti chimanga cha makono chimafuna mbewu imodzi paphando, mizere yoyandikana, ndiponso munda woyera, wopanda mbewu zina zolanda chakudya m'nthaka. Anaitana mwana wa sukulu kuti agwire chingwe, ndipo anasankha ine. Ndinabwerera kunyumba mtima uli m'mwamba, ndikudziona ngati wodziwa kuposa amayi, amene ankasaina ndi chala.

Amayi anavomera kubzala chimanga cha makonocho, koma mbewu zawo zina sanazisiye. Mapira anali atatsala chikho chimodzi chokha chifukwa anankafumbwe anaononga ena onse, ndiye anabzala onsewo. Ine manyazi anandigwira. Ndinkaopa kuti alangizi akadzayendera minda adzaona kuti mtsikana wogwira chingwe uja kwawo n'kosamva.

Mbewu zitamera, kunagwa maliro kwa abale athu ku Phalombe ndipo amayi anachoka masiku anayi. Anandisiyira ntchito yopalira. Ndinapalira ndithu, koma pamodzi ndi udzu ndinazula nandolo, khobwe ndi maungu. Tsiku lomaliza ndinakwera kumtunda kuja n'kugalauza mapira onse, m'malo mwake n'kubzalamo chimanga chotsala m'paketi. Dzuwa la masiku amenewo linamaliza ntchito. Nditaima kumunsi ndinaona mizere yoyera ngati ya m'buku, ndipo ndinkadikira kuyamikiridwa.

Amayi atafika anapita kumunda asanavule n'komwe mpango wa kumaliro. Ndinawatsatira. Anayenda mzere ndi mzere. Atafika kumtunda anagwada, n'kuyamba kutola timapira tofota tija, kuona ngati kalipo kamene kangagwirenso. Panalibe. Ndinayembekeza ndodo, koma iwo anangondifunsa motsitsa mawu, “Esinati, sunasiyeko ngakhale phando limodzi?” Ndinayankha kuti alangizi anatero. Anagwedeza mutu, n'kudzipukuta manja pachitenje, ndipo tinatsika.

Kuponi inabwera imodzi yogawana mabanja atatu, ndipo feteleza anapezeka mvula itapita kale patali. Chimanga chathu chinachita chikasu, chambiri chinangotulutsa ngaiyaye chili chofika m'chiuno. Apo m'pamene ndinazindikira ntchito ya thengo ndinkanyoza lija. Zaka zonse, nkhokwe ikatha, tinkapulumukira nkhwani, chitambe ndi maungu anthete. Chaka chimenecho m'munda munalibe chothyola. Tinkapita kukagwira ganyu m'madimba a m'mbali mwa mtsinje wa Domasi kuti atipatse gaga, ndipo mlongo wanga anayamba kugona masana pakhonde chifukwa chosowa mphamvu zosewerera. Nthawi yonseyi amayi sananditchule kuti ndine ndinachititsa.

Tsiku lina tikuchokera kuganyu ndinalephera kupirira, ndinayamba kulira panjira n'kunena kuti alangizi aja anatinamiza. Amayi anaima. “Sananame ayi,” anatero. “Chimanga chawo chimabereka chikadya bwino. Kungoti iwo chikakanika, mwezi ukatha amalandirabe. Ife chikakanika timagona ndi njala. N'chifukwa chake ine sindidalira mbewu imodzi.”

Chilango changa, ngati chinali chilango, chinabwera nthawi yokolola. Amayi anandipatsa kathumba n'kunena kuti ndiwaperekeze kukapempha mbewu. Tinayenda khomo ndi khomo, ndipo paliponse ankandisiya kuti ndifotokoze ndekha chimene chinachitika. Ena ankaseka, ena ankangondiyang'ana. Nandolo tinapeza pafupi, nthanga za maungu anatipatsa mayi wina wa ku Domasi Mission, khobwe naye sanavute. Koma mapira ofiira aja sanapezeke. Okalamba ankawakumbukira, ankatchula ndi dzina lake la Chilomwe limene ine ndinaiwala, kenako n'kunena kuti anasiya kalekale chifukwa cha mbalame. Tinafunsa mpaka kwa abale a ku Phalombe. Anatitumizira mapira oyera, amayi anabzala, koma thobwa lake atalawa anangoti nalonso ndi thobwa.

Lero munda uja ndimalima ndine. Ndimabzala chimanga cha makono, feteleza ndimathira ndikamupeza, ndipo zaka zabwino ndimakolola kuposa mmene amayi ankakololera. Koma pakati pake pali nandolo, khobwe ndi maungu, ndipo alangizi a masiku ano amayamikira, amati kasakaniza amabwezeretsa chonde m'nthaka. Ndikamva zimenezi ndimangomwetulira, chifukwa malangizo asintha kangapo ine ndikuona, pamene mtsetse wathu ndi womwe uja.

Chimene ndikuchimvetsa tsopano n'chakuti amayi sankakana zatsopano. Ankangodziwa kuti wopanga ndondomeko mumzinda akhoza kuikonza chaka chamawa, koma mbewu ikatha m'manja mwa munthu womaliza kuisunga, palibe ofesi yokaidandaulira. Anamwalira ndili kale ndi ana anga, osandikumbutsapo nkhaniyi ngakhale kamodzi. Masiku ena ndimalakalaka akanangondikwapula tsiku lomwe lija, mwina bwenzi zitathera pomwepo.