Sipika Yapakati ya a Mbewe

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha wailesi ya amalume. Itafa, anandituma nayo kwa a Chimwaza, okonza mawailesi pa Namitete, ndipo podikira ndinayamba kuwagwirira mawaya iwo akuwotcherera. "Manja ako sanjenjemera," anatero. "Ubwere mawa." Malipiro ake anali a sopo chabe, koma kumudzi kunalibe chondidikira kupatula kusoka fodya.

Anandiphunzitsa kuyeza ndi mita, kachida koyezera mphamvu ya mawu, komanso kulumikiza zokuzira mawu za m'nyumba, zija za masipika asanu: awiri kutsogolo, imodzi pakati, awiri kumbuyo. Onsewo amalamulidwa ndi bokosi limodzi lotchedwa risiva. Mawu a munthu amatulukira pa sipika yapakati, ng'oma ndi zoimbira zina zimapita m'mbali.

Tsiku lina a Chimwaza ananditumiza ndekha ku Nsaru kwa a Mbewe, mphunzitsi wopuma pantchito. Akazi awo, a Naphiri, anali atamwalira dzinja lapitalo. Ndiwo ankatsogolera kwaya ya Mvano, ndipo panatsala kanema mmodzi, wojambulidwa kutchalitchi, momwe amayambitsa nyimbo okha. A Mbewe ankafuna kumvanso mawu amenewo, basi.

Mwana wawo Yosefe, amene ali ku Joni, anawatumizira masipika. Bambowo atadandaula kuti sakumva bwino, Yosefe anawatumiziranso ampulifaya, bokosi lowonjezera mphamvu ya mawu, ndipo munthu wina anailumikiza ku masipika awiri akutsogolo. Kuyambira pamenepo ng'oma zinkagwedeza malata, mawu a mayi aja n'kumira.

Vutolo ndinkalidziwa. Ampulifaya imabwera ndi mphamvu zakezake, pamene risiva imakhala ikutsatirabe muyeso wakale. Masipika olumikizidwa kumeneko amakweza kuposa anzawo, ndiye pamafunika kuyezanso onse. Ndinatseka mawindo, n'kupempha mayi amene ankasinja kuseri kuti ayambe aima. Maikolofoni yoyezera ndinaiika pampando wa a Mbewe, molingana ndi makutu awo. Risiva inayamba kutulutsa kaphokoso kake koyezera, kangati mvula yowaza pa udzu, sipika imodzi imodzi. Ndinatsitsa ampulifaya pang'onopang'ono mpaka onse asanu anafanana.

Kenako ndinaika kanema uja. Mawu a Naphiri anatuluka oyera, okwera bwino. Ndinatembenuka ndikumwetulira, ndikudzimva kuti ndine katswiri.

A Mbewe anali atatchera khutu, maso ali pa TV. "Ayamba kodi?" anafunsa.

Ndinakweza sipika yapakati kupyola muyeso, ndinakwezanso, mpaka inayamba kuthetheka. Iwo ankangopukusa mutu. Ndinatuluka panja kukaimbira a Chimwaza.

"Mita ikuti chiyani?" anandifunsa.

"Onse afanana."

"Ndiye si makina amenewo, mwana wanga. Ndi makutu."

Kubwerera m'nyumba kunandilemera. Ndinazimitsa ampulifaya ndi masipika akumbuyo, n'kulumikiza waya wautali ku sipika yapakati, ndipo ndinaiika pamiyendo pawo. Anainyamula ndi manja awiri n'kuigunditsa kukhutu lakumanja. Anakhala choncho nyimbo yonse, milomo ikuyenda motsatira milomo ya akazi awo pa TV.

"Ndikumva kunjenjemera kwake," anatero nyimbo itatha. "Koma mawu ake enieni, ayi. Apita."

Ndinayamba kukulunga mawaya amene sanafunike n'komwe kukulungidwa, misozi ili m'maso. Ndinawauza kuti ampulifayayo angathe kuigulitsa, ndalama zake n'kupitira kuchipatala kukapimitsa makutu.

"Isiye pomwepo," anayankha. "Yosefe akaimba foni ndimuuza kuti yathandiza. Mwana uja maliro a mayi ake sanawaone. Ichi n'chokhacho chimene wakwanitsa kuchita, eti."

Ndinaipukuta fumbi, n'kuisiya pamalo pake, yozimitsa.

Ntchitoyi ndikuigwirabe mpaka lero, ndipo ndikalumikiza ampulifaya sindichoka ndisanayezenso masipika onse. Koma ndisanatsegule chikwama cha zida ndimayamba ndafunsa kuti womvera ndani, ndipo akufuna kumva chiyani. Nthawi zina yankho lake limandiuziratu kuti palibe chimene ndingakonze, ndiye ndimakhala pansi kaye n'kucheza naye mwini nyumbayo.