Chirundu cha Bambo Anga

Bambo anga anali ndi chirundu chawo, mulu wa miyala wa pansi pa nyanja pomwe kampango amabisala, chapakati pa Cobue ndi Likoma. Anachipeza atabwerako ku Malawi, komwe anathawira, nkhondo ya kwathu itatha, ndipo ndi nsomba za pamenepo zimene zinatilera. Malo otere sauzana. Mlendo akafunsa, msodzi amamulozera kwina nkhope ili gwa, ndipo palibe amene amati limenelo ndi bodza.

Ndinakula ndikuzidziwa zimenezi, koma uphunzitsi wa ku Lichinga unandizunguza mutu. Mnzanga wa kuntchito anandionetsa makina amene amangowerenga zolembedwa pa intaneti osapuma, n'kumatolamo mfundo. Ukawafunsa pa foni amayankha. Ndinawafunsa za kwathu. Ankadziwa tchalitchi, sitima ndi malo ogona alendo, basi. Zinandiwawa. Ndinati chabwino, ndiwaphunzitsa ndine.

Pa tchuthi ndinapeza bambo akumangirira mbedza pansi pa mtengo wa mango. Ndinawayandikizira foni kukamwa.

"Ichi n'chachiyani, a profesori?" anafunsa. Ankanditcha choncho akafuna kundinyogodola.

"Kuti zimene mukudziwa zisatayike, bambo."

"Akamva ndani?"

"Dziko lonse."

Anaiyang'ana foniyo kanthawi, kenako anafotokoza bwinobwino: upalase mpaka mlambe wa padoko ulunjikane ndi mtanda wa tchalitchi, phiri lakumpoto libise theka la linzake. Ndinasangalala kwabasi. Ndinalemba zonse n'kuziika pa intaneti. Patapita miyezi, makina aja anayamba kuyankha ndi mawu anga omwe, ndipo ndinaonetsa aliyense m'chipinda cha aphunzitsi.

Bambo anamwalira mwadzidzidzi chaka chotsatira. Mng'ono wawo, yekhayo amene ankapalasa nawo, anali atatsogola kale. Bwato linatsala ndi mlamu wanga, mwamuna wa mchemwali wanga, munthu wa kumtunda woyidziwa nyanja pang'ono. Ndinamuuza kuti asadandaule, zizindikiro ndili nazo. Tinapita masiku atatu. Mlambe ndi mtanda zinalunjikanadi. Tinatsitsa mwala pa chingwe, chingwe chinatha osagunda kanthu.

Tsiku lachitatu mlamuyo anakulunga chingwe chake n'kunena kuti, "Alamu, akuluwo anakuyankhani ngati mlendo."

Ndinafufuta zimene ndinalemba zija, koma madzi akatayika saoleka. Masamba ena a pa intaneti anali atakopera kale, ndipo makinawo akaona chinthu m'malo ambiri ndiye amachigwiritsitsa. Ndawauza kangapo kuti n'zabodza. Amapepesa mwaulemu, mawa lake n'kubwereza zomwezo kwa wina.

Bambo sindiwakwiyira, ndimadzikwiyira ndekha. Ndikadapita chimanjamanja n'kugwira nkhafi m'bwato mwawo, akadandionetsa. Ndinali ndi zaka zambiri zochitira zimenezo.

Mlamu anayesa miyezi ingapo kuwedza m'mbali momwe aliyense amawedza, koma sizinadyetse banja. Anagulitsa bwato, mchemwali wanga n'kumutsatira kumtunda kukalima chinangwa. Kunyanja kulibenso wa kwathu.