Achimwene Atabwerako ku Nkhondo ya Eni

Nkhani tidaimvera pa wailesi ya pagolosale, chaka chomwe chija tidavota koyamba zipani zili mbwee. Wowerenga nkhani adati mtsogoleri wa dziko, amene anali asadauzolowere n'komwe mpando, walamula kuti asilikali athu ena apite ku Rwanda kukathandiza kukhazikitsa mtendere. Ine ndinali nditabwera kudzagula mchere ndi parafini. Ndidangoti chilili pakhomo, botolo lili m'manja, chifukwa achimwene anga, oyamba kubadwa m'mimba mwathu, anali msilikali.

Azibambo a pabawo adasiya nkhomo n'kuyamba kulamulira dziko, monga mwa masiku onse. Kwathu kuno ku Dowa ambiri sitidamuvotere munthuyo, ndiye wina adati, "Mwaonatu? Akufuna akatithere ana kumeneko chifukwa tidamukana." Mnzake adatsutsa. Amvekere ayi, dziko lathu lakhala nthawi yaitali anansi akulilambalala ngati munthu wamphere, tsopano mtsogoleri akufuna naye azikhala pamodzi ndi anzake a maiko ena, ndipo kumaliro kwa mnansi supita chimanjamanja. Mkulu wina woledzera, amene anali atagona pabenchi, adangodzutsa mutu n'kunena kuti, "Wotumidwa kumaliro amabwerako ndi maliro." Anthu adamuseka, wina n'kumuponyera chitsononkho. Paja wamisala adaona nkhondo.

Ine za maiko sindizidziwa. Chomwe ndimaganiza mpaka lero n'chakuti munthuyo adasaina pepala lija atakhuta, tiyi akuzizira pambali, kenako n'kufunsa kuti chotsatira n'chiyani, feteleza kapena misewu. Sindikunena kuti adalakwa, ayi. Anthu kumeneko ankafunikadi owathandiza. Koma iye ntchito yake idathera pa cholembera tsiku lomwelo, pamene ife tinali tikuyamba kumene.

Achimwene anali munthu wa nthabwala, woseka mpaka kugwira m'mimba. Adakwatira kumapiri a Ntchisi, ulendo wapansi woti ukanyamuka m'mawa umafika dzuwa litakwera, ndipo monga mkamwini aliyense adamanga pamudzi pa akazi awo. Inali nyumba ya njerwa zootcha, malata pamwamba, yoyamba m'mudzi monsemo. Anali ndi mwana mmodzi, wamkazi. Akabwera ku tchuthi, kamwanako kankalowetsa miyendo yonse iwiri mu jombo imodzi n'kumadumpha pabwalo, iwo ataima njo kukachitira sawatcha. Pa mwana ameneyo ndi pomwe panali mtima wawo wonse.

Adabwerako patapita miyezi yambiri. Wailesi idati anyamata athu agwira ntchito yotamandika, dziko lathu latchuka. Adafika ndi sutikesi, nsalu za amayi ndi za alamu, thupi lathunthu, ngakhale chipsera analibe. Tidapha mbuzi. Titawaikira nyama adaiyang'ana, n'kukankhira mbale kwa ine, n'kupempha nkhwani. Tidati mwina ndi m'mimba.

Sikunali m'mimba. Nyama sadaidyenso. Kutchalitchi ankathera panja pansi pa mtengo, ndipo galu sankafuna kumuona. Usilikali adausiya okha pasanapite nthawi, n'kukakhazikika kwa akazi awo kulima fodya. Kumeneko ndiko adapha galu wa apongozi awo ndi mpini wa khasu, masanasana, galuyo akungonyambita phazi la mwana amene anali m'tulo pamphasa. Adapepesa, adapereka nkhuku, koma apongozi aakazi sadaiwale.

Ine adandiuza kamodzi kokha, tikuswa mtedza pakhonde kwathu. "Mlongo, kumene kuja ife sitidaombere munthu. Tinkaombera agalu odya mitembo. Nkhondo tidaipeza itatha kale kudya. Yathu inali kutola zotsala, m'matchalitchi, m'zimbudzi, m'minda ya nthochi, n'kukakwirira." Iwo adangotapa mtedza wina m'lichero n'kupitiriza kuswa.

Dzinja lotsatira mvula idachuluka kumapiriko, ndipo bambo wina wa m'mudzi mwa alamu adakokoloka ndi mtsinje pochokera kumowa. Adamupeza patapita masiku, atakodwa m'bango, atatupa. Ine ndinali komweko, ndidapita kukathandiza kusoka fodya. Adzukulu, anyamata okumba manda aja, amene pamaliro amadzitama n'kumalanda nkhuku za eni, adaima patali malaya ali kumphuno. Ankapatsirana botolo la kachasu kuti alimbe mtima, koma mtima wake osalimba. Mkazi wa malemuyo ankagubuduka m'matope, ndipo palibe amene adasuntha.

Achimwene adatsika kuchokera kumunda. Adaitanitsa pulasitiki yofolera chigafa, mphasa ndi luzi. Adalowa m'madzi mpaka m'chiuno, adayala pulasitiki ija pansi pa mtembo, n'kuugubuduza pang'onopang'ono ngati akutembenuza wodwala. "Osakoka mkono, uchoka," adauza adzukuluwo. "Gwirani pulasitiki." Posakhalitsa munthu anali atamangidwa mwaulemu, woti n'kunyamulika. Adasamba m'manja ndi mchenga. Namfedwa uja adawagwira miyendo kuthokoza, ndipo iwo pofuna kumutonthoza adanena mawu amene adawagwetsa m'mavuto: "Musalire kwambiri, mayi. Awa ngabwinobwino, sadawonongeke. Ine ndaona ena." Kenako adakhala pamwala, adatulutsa chimanga chootcha m'thumba la jekete n'kuyamba kukukuta, pakuti anali asadadye chiyambire m'mawa.

Tsiku limenelo mudzi wonse udawayamika. Koma sabata isanathe ndidayamba kuzimva pachitsime, amayi akunong'ona mokweza dala kuti zindifike. "Wabwinobwino, eti! Mawu amenewo amanena ndi munthu wosankha nyama pamsika." Wina amvekere, "Munthu wake uti angadye manja akununkha mtembo?" Winanso, "Nanga ya mbuzi amaikaniranji? Ikome bwanji kwa munthu amene adalawa inayo?" Galu uja akuti adamuphera kuti asamauwe iwo akamatuluka kupita kumanda kukadya akufa. Kutchalitchi akuti salowa chifukwa madzi odalitsa amawaotcha. Chilichonse chimene nkhondo idawasiyira, anthu adachitola n'kuchilumikiza, ndipo chidakwana ndendende.

Zaka zimenezo anthu ankafa ndi matenda owondetsa aja, amene aliyense ankawadziwa koma osawatchula. Kunena kuti mwana wako wabwera nawo kuchokera kutawuni kunali kochititsa manyazi. Kunena kuti wadyedwa ndi mkamwini kunali kosavuta. Koma taonani nkhanza za anthu! Mtembo ukakhala wovuta, wa zilonda, woti abale ake enieni akuipidwa nawo, ankatuma uthenga kukaitana mfiti yomweyo. Ndipo iwo ankapita, opusawo. Ndidawakalipira. Ndidati, "Achimwene, kodi makutu mulibe? Asiyeni asambitse okha akufa awo!" Adangondiyang'ana n'kuti, "Nanga munthu agone choncho?"

Titatha kukolola, uthenga udabwera woti ankhoswe apite. Ababa anali atafooka, ndiye tidapita ine ndi amalume athu, munthu wofatsa ngati nkhosa, woti akaona anthu ambiri mawu amathawira kukhosi. Mudzi wonse udasonkhana pabwalo la apongozi. Woyendetsa nkhani anali amalume awo a alamu, mwini mbumba, mkulu wokonda makomiti, amene chiyambire zipani anali atavala kale malaya a mitundu ingapo. Adaimirira, adakonza kolala, n'kutsokomola ngati ali pamsonkhano.

"Abale, kale zinthu zinkayenda mwankhanza, munthu mmodzi kumangolamula. Pano ndi demokalase. Ife sitiitana sing'anga, sitimwetsa munthu mwavi. Tingovota basi. Amene akufuna kuti bambo awa apitirize kukhala nafe, akweze dzanja."

Ndidakweza ine. Amalume athu adakweza mpaka paphewa, kenako n'kuyamba kudzikanda khutu. Mwini mbumba uja adati alendo savota.

"Nanga amene akufuna kuti azipita kwawo?"

Manja adangoti nyamu. Adakweza adzukulu aja. Adakweza namfedwa amene adawagwira miyendo kumtsinje. Anyamata ena adakweza onse awiri akuseka. Alamu anali atakhala pambali, mutu uli pansi, mwana atatsamira pamiyendo pawo. Amayi awo adawagunda ndi chigongono. Dzanja lidakwera pang'onopang'ono, koma lidakwera.

Ine ndidaphulika. "Afisi inu opanda manyazi! Mitembo yanu mumaithawa, wina akakutolerani ndiye mwati mfiti? Mukufuna nyumba ya malatayi ndi fodya ali m'chigafayu, bwanji osangonena!" Adandiseka. Mayi wina adaomba m'manja amvekere, "Mwamumva mlongo wakeyo? Zakumtundu izi."

Achimwene sadatsutse kanthu. Adaimirira mowongoka, manja ali m'mbali, n'kulankhula motsitsa mawu. "Nyumba tengani. Fodya tengani. Ndikupempha chimodzi chokha, ndizibwera kudzaona mwana."

"Imeneyonso tiivotere?" adafunsa mkulu uja, akuyang'ana anthu ake. Bwalo lidafa ndi phwete. Adagamula kuti achimwene asadzapondenso pamudzipo, ndiponso kuti mwana asadzalandire chakudya chilichonse cha m'manja mwawo, poti akuti mfiti imayamba n'kulawitsa ana. Kwathu kuno mwana ndi wa kwa mayi ake, ndiye kokadandaula kunalibe. Tidabwerera dzuwa likutentha, achimwene atasenza sutikesi, ine khasu lawo, amalume ali pambuyo kumangoti, "Zachitika, zachitika."

Adakhala kwathu m'kanyumba ka kuseri. Ankalima molimbika, osacheza ndi munthu, pakuti mbiri idawatsata mpaka kuno. Nthawi zina ankanyamula nyemba panjinga kukagulitsa ku Dzaleka, kumene boma linali litaikako anthu othawa nkhondo yomwe ija, ndipo ankachedwa kubwerako. Ankati kumeneko munthu ukakana nyama sakufunsa chifukwa. Tsiku lina wailesi idalengeza kuti mtsogoleri wapita kunja kukakumana ndi anzake, ndipo amulandira ndi ulemu waukulu. Ndidatukwana, ndidafuna kuiponya wailesiyo m'nkhokwe. Achimwene adati, "Isiye, mlongo. Iye sakundidziwa." Za nyumba sankazitchula, za fodya sankazitchula. Ankangoti mwadzidzidzi, tikupalira, "Pano ndiye kuti mano akutsogolo aguluka." Ine ndinkadziwa amene akumunena, ndipo zinkandiwawa koopsa.

Chaka chimene mwanayo adayamba sukulu, achimwene adapeza nzeru. Sukulu inali yaulere tsopano, lamulo linanso la mtsogoleri yemweyo, ana ali thithithi pansi pa mitengo. Iwo adati njira ya kusukulu si mudzi, ndipo palibe amene adaivotera. Adapita ku Mponela kukagula masikono awiri, adachapa malaya, adameta ndevu. Ndidawaperekeza poopa kuti angawamenye. Tidalawirira, n'kukadikira pa mlatho wa mitengo pamene ana a m'mudzimo ankawolokera.

Ana adatulukira chigulu, akuimba. Atationa adabalalika m'tchire akukuwa, "Uja! Ndi uja!" Mmodzi yekha ndiye adatsala panjira. Anali atatalika, atavala yunifolomu yomukulira, kope lili m'jumbo ya shuga. Sadathawe. Adayandikira n'kugwada monga mwana woleredwa bwino, koma patali ndithu, manja atabisa kumbuyo.

"Wakulatu, mayi," adatero achimwene. "Ndakubweretsera masikono."

"Ikani pansi, ababa."

Adaika pamwala n'kubwerera m'mbuyo. Mwanayo adatola kamtengo, adaboola sikono imodzi, adaing'amba pakati n'kusuzumira mkati mosamala. Munalibe kanthu, ufa wokhawokha. Adang'ambanso inzake. Ndidamuona akumeza malovu, njala anali nayo ndithu, koma adataya kamtengo kaja n'kubwezera manja kumbuyo.

"Ababa."

"Ee, mayi."

"Ine ndimadwaladwala malungo. Ndikadzafa, musadzabwere kumaliro anga. Mwamva?"

Mayo ine! Ndidafuna kumutseka pakamwa, ndidafuna kumunyamula n'kuthawa naye, koma ndidangolira mokweza ngati pamaliro penipeni. Achimwene sadalire. Adamuyang'ana mwana wawo nthawi yaitali, kuyambira kumutu mpaka ku timapazi take ta fumbi.

"Ndamva, mayi. Sindidzabwera."

"Zikomo, ababa," adatero mwanayo, mtima wake utakhala pansi. Adadzuka, adasansa m'mawondo, n'kuthamangira anzake chifukwa belu linali litalira.